ICELAND, DZIKO LIMENE LINAPHUNZIRA KUWERENGA

Kumpoto kwenikweni kwa nyanja yamchere ya Atlantic, makilomita 800 kuchokera ku Scotland, kuli chilumba chotchedwa Iceland. Anthu ambiri ogwira ntchito m'mizinda ya Blantyre, Lusaka, Harare ndi Johannesburg sadziwa zambiri za dzikoli, ndipo amene anamvako pang'ono amangoti ndi dziko lachisanu kumene dzuwa limasowa. Komabe ndi dziko limene munthu wodalira malipiro a pamwezi ayenera kuliganizira bwino, pakuti zaka 150 zapitazo linali limodzi mwa maiko osaukitsitsa a ku Ulaya, anthu ake akumathawa njala ndi kukafuna ntchito kutsidya kwa nyanja, koma lero lili pakati pa maiko amene anthu ake amalandira malipiro apamwamba ndi kukhala ndi moyo zaka zambiri.

Ena amati chuma chimenechi chinadza mwamwayi, ndipo ena amati nkwapafupi kulemera ngati anthu ogawana chumacho ali ochepa. Maganizo onse awiriwa ndi operewera. Liwu la Chinyanja lakuti "kuwerenga" lili ndi matanthauzo awiri: munthu amawerenga buku, amawerenganso mbuzi zake polowa m'khola. Mbiri ya Iceland ikuonetsa kuti pamene anthu ake anachita ziwirizi mosadzinyenga, dziko linakwera. Ndipo pamene analeka kuwerenga nayamba kukhulupirira kuti chuma sichitha, dziko linagwa, kawiri konse, m'chaka cha 1968 ndi m'chaka cha 2008. Amene anayamba kumva kuwawa kwa kugwako anali anthu a malipiro.

DZIKO LA MOTO NDI MADZI OUNDANA

Kukula kwa Iceland ndi masikweya kilomita 103,000, ndiko kuti ndi dziko locheperapo pang'ono poliyerekeza ndi Malawi, amene pamodzi ndi nyanja yake ali ndi masikweya kilomita 118,000. Koma anthu ake m'chaka cha 2025 anali pafupifupi 390,000 okha, osakwana ngakhale theka la anthu amene anawerengedwa mu mzinda wa Blantyre m'chaka cha 2018. Mwa anthu atatu alionse, awiri amakhala mu mzinda waukulu wa Reykjavík ndi m'madera ouzungulira. Otsalawo ali m'matauni aang'ono a asodzi ndi m'mafamu a nkhosa m'mbali mwa nyanja. Pakati pa chilumba sipakhala munthu, pakuti pali chipululu cha miyala ndi mchenga wakuda. Gawo limodzi mwa magawo khumi a dziko lonse ndi lokutidwa ndi madzi oundana amene sasungunuka chaka chonse, ndipo malo aakulu koposa a madzi otere, otchedwa Vatnajökull, ali pafupifupi masikweya kilomita 8,000.

Chimanga sichingache kumeneko. Chimene chimamera bwino ndi udzu wa ziweto, mbatata ya kachewere ndi barele pang'ono, ndipo mitengo ndi yowerengeka. M'mwezi wa Disembala dzuwa limaoneka maola anai okha ku Reykjavík, pamene m'mwezi wa Juni kunja sikuda konse.

Pansi pa nthaka yozizirayo pali moto. Chilumbachi chili pa mng'alu waukulu pamene dziko lapansi likung'ambika pang'onopang'ono, mbali ina kulowera ku Amereka ndi ina kulowera ku Ulaya, masentimita awiri pa chaka. Chifukwa chake mapiri amaphulika kawirikawiri. Usiku wa pa 23 Januwale 1973 nthaka inang'ambika m'mphepete mwa tauni ya pa kachilumba ka Heimaey, ndipo anthu pafupifupi 5,000 anaolotsedwa usiku womwewo pa zombo za asodzi, zimene zinali padooko chifukwa cha namondwe wa dzulo lake. Pofuna kupulumutsa dookolo, anthu anapopera madzi a m'nyanja pa chiphalaphala cha moto kwa miyezi ingapo kufikira chinaima. M'mwezi wa Novembala 2023 anthu onse a m'tauni ya Grindavík anasamutsidwanso pa chifukwa chomwecho.

Wina angafunse kuti nanga anthu amakhaliranji m'dziko lotere. Yankho lili m'madzi. Mkokomo wa madzi ofunda ochokera kumwera umafika m'magombe a Iceland, kotero kuti madooko ake saundana. Ndipo pamene madzi ofundawo akumana ndi ozizira a kumpoto pamaswana tizilombo tambirimbiri timene nsomba zimadya. Munda weniweni wa dzikoli ndi nyanja.

KALEMBERA WA 1703

Anthu oyamba kumanga midzi anachokera ku Norway cha m'ma 874, atatenganso ena a ku Ireland ndi ku Scotland. M'chaka cha 930 anakhazikitsa bwalo la dziko lonse lotchedwa Althing, limene linkakumana pa dambo la Thingvellir chaka ndi chaka kupanga malamulo ndi kuweruza milandu. Nyumba ya malamulo ya lero ikali ndi dzina lomwelo. M'chaka cha 1262 dziko linalowa m'manja mwa mfumu ya Norway, ndipo kuyambira 1380 linali pansi pa mfumu ya Denmark. Kuyambira 1602 kufikira 1787 msodzi wa ku Iceland sankaloledwa kugulitsa nsomba zake kwa wina aliyense koma kwa amalonda a ku Denmark okha, pa mtengo woikidwa ndi boma la Denmark. Umphawi unakula kotero kuti mfumu inatuma anthu awiri ophunzira a ku Iceland komweko, Árni Magnússon ndi Páll Vídalín, kuti akafufuze.

Mwa ntchito yao munatuluka kalembera wa chaka cha 1703, mmodzi mwa akalembera akale koposa pa dziko lapansi amene analemba mtundu wonse wa anthu. Munthu aliyense analembedwa dzina, zaka ndi ntchito yake, kuyambira mwini famu kufikira wopemphapempha wosowa pogona, ndipo onse pamodzi anakwana 50,358. Ziweto nazonso zinawerengedwa. Chifukwa cha kalemberayo zimadziwika bwino mmene masoka anadulira mtunduwo: nthomba ya 1707 inapha anthu miyandamiyanda, ndipo kuphulika kwa Laki m'chaka cha 1783 kunaononga msipu, kunapha ziweto zoposa theka, ndi kudzetsa njala imene inatenga munthu mmodzi mwa asanu alionse. Anthu anatsala pafupifupi 40,000.

Pa nthawi yomweyo kuwerenga kwa mtundu winawo kunali kufalikira. Masukulu kunalibe kwenikweni, koma abusa a mpingo ankayendera nyumba ndi nyumba kuyesa ana, ndipo mwana sankaloledwa ku Mgonero asanadziwe kuwerenga. Madzulo aatali a nyengo yachisanu banja lonse linkasonkhana m'chipinda chimodzi cha nyumba ya miyala ndi zibuma, ena akupota ubweya wa nkhosa, mmodzi akuwerenga mokweza mbiri za makolo zolembedwa m'chinenero chao. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 anthu ambiri, ngakhale antchito a m'mafamu, ankadziwa kuwerenga.

Kuwerenga pakokha sikunadzaze mimba. Pakati pa 1870 ndi 1914 anthu pafupifupi 15,000, mmodzi mwa asanu alionse, anakwera zombo kumka ku Canada ndi ku Amereka, ndipo ambiri sanabwerere. Nawonso anali ndi matchona ao. Koma pamene makina anafika, anapeza anthu okonzeka kuwalandira. Injini yoyamba inaikidwa m'boti la asodzi m'chaka cha 1902, ndipo sitima yoyamba yokoka khoka inagulidwa mu 1905. Antchito a m'sitimazo ankagwira usana ndi usiku osagona, koma popeza ankadziwa kulemba ndi kuwerenga anamanga mabungwe ao, nawaphatikiza m'chigwirizano chimodzi mu 1916; ndipo m'chaka cha 1921 anapambana lamulo lakuti msodzi wa m'sitima apume maola 6 pa tsiku, amene anaonjezedwa kufika pa 8 mu 1928. Za ndale nazo zinayenda ndi makalata ndi mikangano ya m'nyumba ya malamulo, popanda mfuti: boma la eni dziko mu 1904, ufulu pansi pa mfumu ya Denmark mu 1918, ndi kudziimira kotheratu pa 17 Juni 1944.

NKHONDO ZA NSOMBA

Ufulu wa pamtunda unabwera ufulu wa panyanja usanafike. Pangano limene Denmark inachita ndi Britain m'chaka cha 1901 linasiyira Iceland mailosi atatu okha kuchokera pagombe; kupitirira pamenepo aliyense ankaponya khoka monga afunira. Sitima za Angerezi zochokera ku Hull ndi ku Grimsby, pamodzi ndi za Ajeremani, zinkadzaza nsomba yotchedwa cod, imene ndiyo chuma chachikulu cha nyanjayo, ndi kumka nayo kwao.

M'chaka cha 1948 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lakuti nsomba za m'madzi ozungulira chilumba zisamalidwe potsata nzeru za akatswiri, ndipo potsamira lamulolo boma linayamba kukankha malire: mailosi 4 mu 1952, mailosi 12 mu 1958, mailosi 50 mu 1972, ndi mailosi 200 mu 1975. Ulendo woyamba Angerezi analetsa nsomba za ku Iceland kutsitsidwa m'madooko ao, koma dzikolo linapeza misika ina ku Russia ndi ku Amereka, nilikulitsa mafakitale ake okonza nsomba ndi kuziumitsa m'chisanu. Maulendo atatu otsatirawo Britain inatumiza sitima za nkhondo kukaperekeza asodzi ake. Dziko la Iceland lilibe gulu la nkhondo. Linali ndi tizombo tochepa tolondera gombe, timene kuyambira 1972 tinkakoka chitsulo chodulira zingwe za makoka a alendo. Zombo zinagundana nthawi zambiri, ndipo mu Febuluwale 1976 maiko awiriwa anadula ubale wao. Mu Juni chaka chomwecho Britain inavomera malire a mailosi 200.

Nkoyenera kunena zoona za mmene dziko laling'ono linapambanira. Linali ndi zida ziwiri. Choyamba chinali bwalo la ndege la Keflavík, limene Amereka ndi bungwe la NATO ankalifuna kwambiri m'masiku a kulimbana ndi Russia, ndipo a ku Iceland anaopseza kuti alitseka. Chachiwiri chinali ziwerengero: akatswiri ao ankayeza nsomba chaka ndi chaka, nathanso kuonetsa pa misonkhano ya maiko kuti cod ikuchepa. M'chaka cha 1982 pangano la United Nations la malamulo a panyanja linapatsa dziko lililonse la m'mbali mwa nyanja yamchere mailosi 200 omwewo, ndipo maiko monga Mozambique ndi Namibia amapindula nalo.

MDANI WA M'NYUMBA

Komatu alendo sanali okha oononga. Mkangano ndi Britain uli mkati, a ku Iceland anali kudzipweteka okha ndi nsomba ina yotchedwa herring, imene imayenda m'magulu monga usipa, ngakhale ili yaikulupo. M'zaka za m'ma 1960 kunabwera makoka a nailoni, makina okokera makokawo, ndi zipangizo zoonera nsomba pansi pa madzi. Asodzi a ku Iceland, a ku Norway ndi a ku Russia anakokolola herring yense, wamkulu ndi wamng'ono yemwe, ndipo ndalama zinasefukira m'matauni monga Siglufjörður, kumene akazi ankathira nsomba mchere m'migolo usiku wonse. Palibe anafuna kumva zakuti nsomba zingathe. M'chaka cha 1968 zinatha. Mafakitale anatsekedwa, ndalama ya dzikolo, króna, inatsitsidwa mphamvu kawiri m'miyezi khumi ndi iwiri, ndipo amisiri ambiri anapita kukafuna ntchito ku Sweden ndi ku Australia. Tauni ya Siglufjörður, imene mu 1950 inali ndi anthu oposa 3,000, inatsala ndi ochepera theka la amenewo. Madzi akatayika saoleka. Panapita zaka zoposa makumi awiri herring wa m'nyanja ya kumpotoyo asanachulukenso.

Phunziro silinalowe msanga. Angerezi atachoka, a ku Iceland anagula sitima zatsopano zambiri, ndipo mu 1981 anapha matani a cod pafupifupi 460,000, kupyola kutali muyezo umene akatswiri ao analangiza. Zaka ziwiri zotsatira nsomba zinachepa, ndipo mantha a 1968 anabwerera. Tsono m'chaka cha 1984 boma linaika malire a nsomba zophedwa pa chaka, niligawira sitima iliyonse gawo lake. Mu 1995 linaonjeza lamulo losavuta kumva: akatswiri ayeze cod yaikulu imene ili m'nyanja, ndipo asodzi aphe 25 mwa 100 iliyonse, pambuyo pake anatsitsa kufika pa 20, ndiko kuti nsomba imodzi mwa zisanu. Nsomba iliyonse yofika padooko imayezedwa pa sikelo yovomerezedwa ndi boma, ndipo ziwerengerozo zimaikidwa poyera kuti aliyense aone zimene sitima ya mnzake yatsitsa. Kutaya nsomba m'madzi nkoletsedwa, ndipo malo opezeka ndi nsomba zazing'ono zambiri amatsekedwa. M'zaka za 2019 ndi 2020 akatswiri anapeza kuti kansomba kotchedwa capelin kachepa, ndipo sitima zake zinakhala padooko nyengo yonse. Antchito anataya malipiro ambiri, koma lamulo linaima.

Popeza nsomba zophedwa zinachepa, anthu anaphunzira kupeza ndalama zambiri pa nsomba imodzi. Mnofu umatumizidwa waiwisi pa ndege ku Ulaya ndi ku Amereka, mitu imaumitsidwa ndi kugulitsidwa ku Nigeria, chiwindi chimayengedwa mafuta, ndipo khungu limakonzedwa kukhala chophimbira mabala m'zipatala.

Tsamba lino silingabise kuti njirayi ili ndi chilema chake. Lamulo la 1990 linalola kuti magawo a nsomba azigulitsidwa, ndipo magawowo anali ataperekedwa ulere kwa amene anali ndi sitima pa nthawiyo. Makampani aakulu anagula magawo a aang'ono. Mwini sitima wa m'mudzi akagulitsa gawo lake ankachoka ndi chuma, koma fakitale ya m'mudzimo inkatsekedwa, ndipo antchito ankatsala ndi nyumba zopanda wozigula. Midzi ingapo ya kumpoto chakumadzulo inazilala motero. M'chaka cha 2007 komiti ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inagamula, pa dandaulo la asodzi awiri, kuti kagawidweko kanali kokondera. Kuyambira 2004 eni magawo amalipira msonkho wa nsomba, koma kukula kwa msonkhowo kwakhala mkangano pa zisankho zambiri. Ndiponso m'chaka cha 2019 kunamveka mbiri yakuti kampani ina yaikulu ya nsomba ya ku Iceland inapereka ziphuphu kuti ipeze magawo a nsomba ku Namibia, ndipo nduna ziwiri za ku Namibia zinatula pansi maudindo ao. Kuwerenga nsomba kunapulumutsa nsomba. Funso lakuti nsombazo nza yani likali lofuna yankho lolungama.

MAFUWA ATATU NDI MPHIKA WOGWA

Chuma cha Iceland lero chakhala pa mafuwa atatu. Loyamba ndi nsomba. Lachiwiri ndi mphamvu ya madzi ndi moto wa pansi: pafupifupi magetsi onse amachokera ku mitsinje ndi ku nthunzi ya pansi pa nthaka, ndipo nyumba 9 mwa 10 zilizonse zimafunditsidwa ndi madzi a akasupe otentha oyenda m'mipope. Magetsi otsika mtengowo anakopa mafakitale osungunula aluminiyamu, yoyamba mu 1969 ku Straumsvík. Mwala wake umachokera kunja, ndipo mafakitalewo amadya gawo lalikulu la magetsi a dziko lonse. Fuwa lachitatu ndi alendo odzaona dziko, amene anali osakwana 500,000 mu 2010 koma anafika 2,300,000 mu 2018. Walira mvula walira matope: nyumba za lendi ku Reykjavík zinakwera mtengo, ndipo ntchito za m'mahotela, za zomangamanga ndi za m'mafakitale a nsomba zimagwiridwa kwambiri ndi obwera, makamaka ochokera ku Poland. Dziko limene kale linkatumiza ana ake kunja tsopano lili ndi munthu wobadwira kunja woposa mmodzi mwa asanu ndi mmodzi alionse.

Panali nthawi imene anthu ena anayesa kuika mphika pa fuwa lachinai, la mabanki. Pofika 2003 mabanki a boma anali atagulitsidwa kwa anthu amalonda. Eni atsopanowo anakongola ndalama zambiri kunja, nagula masitolo ndi makampani ku London ndi ku Copenhagen, nakopanso anthu a ku Britain ndi ku Netherlands kuti asungitse ndalama zao powalonjeza chiwongoladzanja chachikulu. Pofika 2008 mabanki atatu, Kaupthing, Landsbanki ndi Glitnir, anali atatupa kufikira kuwirikiza pafupifupi kakhumi chuma chonse chimene dziko limapanga pa chaka. Mtundu umene unkayeza nsomba iliyonse pa sikelo unalephera kufunsa ngati anthu osakwana 320,000 angathe kusenza ngongole yotere, ndipo ochenjeza ankatchedwa ansanje. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

M'sabata imodzi ya Okutobala 2008 mabanki onse atatu anagwa. Króna inataya pafupifupi theka la mphamvu yake, mitengo ya zinthu inakwera, ndipo ngongole za nyumba ndi za galimoto, zimene zinamangidwa ku mitengo ya zinthu kapena ku ndalama zakunja, zinakula pamene malipiro anali kuchepa mphamvu. Osowa ntchito anachoka pa 2 kufika pafupifupi pa 9 mwa anthu 100 alionse. Boma linapempha ngongole ku International Monetary Fund. Anthu anasonkhana pa khomo la nyumba ya malamulo akumenya mapoto ndi ziwaya, kufikira boma la Geir Haarde linatula pansi udindo mu Januwale 2009.

Chimene chinatsatira nchoyenera kuchisunga mumtima. Nyumba ya malamulo inaika komiti yofufuza, ndipo mu Epulo 2010 komitiyo inatulutsa lipoti la mabuku 9, lotchula maina, masiku ndi ndalama. Anthu wamba analigula m'masitolo a mabuku, ndipo ochita masewero ku Reykjavík analiwerenga lonse mokweza, usana ndi usiku, monga makolo ao ankawerengera mbiri madzulo a chisanu. Akuluakulu angapo a mabanki anazengedwa milandu nalowa m'ndende. Ngongole ya International Monetary Fund inabwezedwa yonse mu 2015, nthawi yake isanakwane.

PHUNZIRO LA KU NYANJA

Nkhaniyi si yakutali monga mapu aonetsera. Kuyambira 1989 dziko la Iceland lakhala likugwira ntchito ndi Malawi, poyamba pa kufufuza nsomba za m'nyanja ya Malawi, kenaka pa zipatala, masukulu ndi madzi m'boma la Mangochi, kuphatikizapo chipatala cha ku Monkey Bay. Ndipo m'boma lomwelo munachitika zofanana ndi za herring. Nyanja ya Malombe inkatulutsa matani a chambo oposa 8,000 m'chaka cha 1982. Patapita zaka khumi sinkatulutsa ngakhale matani 1,000, chifukwa cha makoka a maso aang'ono okokolola ana a nsomba ndi kuphwasula malo oswanirana. Ku Kariba nako asodzi a kapenta anachuluka kuposa nsomba. Munthu wa m'tauni amaona zotsatira zake pa msika, pamene ndalama imene kale inkagula chambo cha banja lonse igula kamulu ka usipa.

Wina adzati njira za Iceland sizingatheke pa nyanja ya mabwato zikwizikwi ndi magombe mazanamazana, kumene msodzi akapanda kupita pamadzi ana agona ndi njala. Mau amenewo ali ndi choonadi, ndipo palibe nzeru kutengera lamulo logulitsa magawo limene linazilalitsa midzi ya ku Iceland komweko. Koma mutu wa nkhani, ndiwo kudziwa zimene zilipo ndi kulekeza pa muyezo, si wachilendo. Pa chilumba cha Mbenji m'boma la Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi m'miyezi ya dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amamvera chifukwa amaona okha nsomba zimene amapeza chilumba chikatsegulidwa. Chosowa m'malo ambiri ndi chimene Iceland inachiphunzira ndi misozi: ziwerengero zoona, zoikidwa poyera, ndi lamulo logwira wamkulu ndi wamng'ono mofanana.

Pa zimenezi munthu wa malipiro ali ndi mbali yake, pakuti ndiye wogula. Kasawala amaphedwa chifukwa alipo womugula m'tauni, ndipo chambo cha m'nyengo yoletsedwa chimakwera basi chifukwa chili ndi msika. Wogula akakana, khoka la maso aang'ono lidzasowa phindu. Munthu yemweyo ali ndi ufulu wofunsa phungu wake ndi bungwe lake la antchito kuti ziwerengero za nsomba, za nkhalango ndi za ngongole za dziko zizilengezedwa m'chinenero chimene anthu amamva. Ndipo pamene wina adza ndi pepala la ngongole, kapena ndi lonjezo lakuti ndalama zosungitsa kwa iye zidzaswana kawiri pa mwezi, wanzeru ayambe wawerenga pepalalo kufikira mzere wotsiriza, nafunse kumene phindulo lidzachokera.

Anthu a ku Iceland sanapatsidwe nthaka yabwino kapena nyengo yabwino, ndipo si anthu opanda zolakwa. Anagwa kawiri, nadzuka kawiri, chifukwa atagwa anakhala pansi ndi kuwerenga chimene chinawagwetsa. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Herring wa 1968 ndi mabanki a 2008 nzimene zinaona mnzako. Chambo ndi kapenta zikali m'madzi, ndipo nthawi yoziwerenga ndi ino.